AC ya galimoto yakale ikasiya kuziziritsa: poyambira kufufuza vuto

Miyezi ya Okutobala ndi Novembala, m'madera ozungulira nyanja ya Chiuta masana ambiri kumatentha kupitirira madigiri 30, ndipo misewu yambiri ya m'boma la Mecanhelas imakhala fumbi lokhalokha. Magalimoto amene amayenda m'misewu imeneyi ambiri ndi akale: Toyota Hilux za injini ya dizilo ya 2L, 3L kapena 5L, Land Cruiser za mtundu wa 70 zimene zinayamba kupangidwa mu 1984, maminibasi a Hiace, ndi magalimoto ena ogwiritsidwa kale ntchito ochokera ku Japan. Ndi amene amanyamula mpunga, chimanga, nandolo ndi nsomba zouma kupita ku Entre Lagos, ku Insaca ndi ku Cuamba. Ndi omwewonso amene amathamangitsa mayi woyembekezera kapena mwana wodwala malungo kuchipatala.

Pa ulendo wotere makina oziziritsa mpweya, amene m'magalaja a ku Cuamba amati ar condicionado ndipo kutsidya ku Liwonde amangoti AC, si chinthu chodzionetsera. Amalola dalaivala kutseka mawindo kuti wodwala asamwe fumbi. Nthawi ya dzinja amachotsa nthunzi pagalasi lakutsogolo, chifukwa mpweya wodutsa m'makinawa umatuluka wouma.

AC ikasiya kugwira ntchito, yankho lofala ndi lakuti gasi watha. Mawu amenewa ndi amene amadyetsa eni magalimoto ndalama zambiri. Gasi wa AC satha ngati dizilo. Amangozungulira m'mapaipi otsekeka, ndipo ngati wachepa ndiye kuti pali pamene akuthawira. Kuthira wina osatseka pothawirapo ndi kutungira madzi m'dengu. Komanso pali zovuta zambiri zimene sizikhudzana ndi gasi n'komwe, zina zotheka ndi ndowa ya madzi basi.

Mmene makinawa amagwirira ntchito

Ziwalo zazikulu ndi zisanu. Kompuresa imakhala pambali pa injini ndipo imazunguliridwa ndi lamba. Imapanikiza gasi, gasiyo n'kutentha kwambiri. Kuchoka apo gasi amapita mu kondensa, chitsulo chopyapyala cha timizeremizere chimene chimakhala kutsogolo kwa redieta. Mphepo ikawomba kondensa, gasi amazizirako n'kusanduka madzimadzi. Kenako amadutsa mu kabotolo kachitsulo kotchedwa dilaya, kamene kamasefa zinyalala ndi kuyamwa chinyezi. Akatuluka mmenemo amafika pa valavu yokhala ndi kabowo kakang'ono kwambiri, n'kupoperedwa mu evaporeta, imene imabisika kuseri kwa dashibodi. Mmenemo kupanikizika kumatsika mwadzidzidzi, gasi amawira n'kusandukanso mpweya, ndipo powirapo amayamwa kutentha. Fani ya m'kati imakankha mphepo kudutsa pa evaporeta yozizirayo kupita kwa okwera.

Gasi wa R-134a amawira pa madigiri 26 kunsi kwa ziro akakhala pamtetete, n'chifukwa chake amazizira chotere. Chofunika kukumbukira n'chakuti makinawa sapanga kuzizira. Amatenga kutentha m'kati mwa galimoto n'kukakutaya kutsogolo, pa kondensa. Kondensa ikalephera kutaya kutenthako, m'kati simungazizire ngakhale gasi atadzaza bwino.

Kutsogolo kwa redieta

Pa galimoto ya kumudzi, apa ndi poyambira. Kondensa ndi imene imalandira zonse za mumsewu: fumbi, matope a dzinja amene anaumirapo, njere za udzu, mankhusu a mpunga, ziwala ndi agulugufe. Zambiri sizioneka kutsogolo, zimaunjikana pampata wa pakati pa kondensa ndi redieta, n'kupanga chinthu chonga bulangeti. Chizindikiro chake chimadziwika: AC imaziziritsa galimoto ikamathamanga, koma ikaima pamsika kapena ikamakwawa mumchenga imayamba kutulutsa mphepo yofunda. Nthawi zina muvi wa kutentha kwa injini nawo umakwera AC ikangoyatsidwa.

Pali njira yoyesera yosafuna chida. Injini ikulira galimoto itaima, AC itayatsidwa, munthu wina athire madzi pa kondensa pang'onopang'ono. Mphepo ya m'kati ikazizira nthawi yomweyo, vuto si gasi, koma mphepo yodutsa kutsogolo ndi yochepa. Kondensa itsukidwe injini itazimitsidwa, ndi madzi opanda mphamvu yambiri, makamaka kuchokera kumbuyo kupita kutsogolo. Waya kapena msomali usalowetsedwe m'timizere, chifukwa aluminiyamu wake ndi wofewa ndipo kabowo kamodzi kokha kamataya gasi yense.

Ngati kondensa ndi yoyera koma vuto lilipobe, fani ndi imene iyenera kukayikiridwa. Hilux ndi Land Cruiser zambiri za dizilo zili ndi fani yoyendetsedwa ndi injini kudzera pa chimbale chokhala ndi oyilo wa silikoni m'kati. Oyiloyo akadontha, fani imazungulira ndithu, maso n'kumaona ngati zonse zili bwino, koma siikoka mphepo yokwanira. Injini itatentha ndipo itazimitsidwa, fani ikankhidwe ndi dzanja. Yabwino imalimba ndipo imaima msanga. Yakufa imazungulira yokha kangapo. Magalimoto ena ali ndi fani ya magetsi kutsogolo kwa kondensa, ndipo iyenera kuzungulira AC ikamagwira ntchito kunja kukutentha. Vuto la fani si la AC yokha. Fani yofooka imatha kuwiritsa injini pamtunda, ndipo kukonza mutu wa injini ya dizilo ndi kodula kuposa AC yonse.

Lamba ndi klatchi

Pule ya kompuresa imazungulira nthawi zonse injini ikamalira, koma kompuresa yeniyeniyo imayamba ntchito pokhapokha klatchi ya maginito ikagwira. Batani la AC likadinidwa pamamveka kaphokoso kakuti tha, ndipo mbale ya kutsogolo kwa pule imayamba kuzungulira limodzi ndi pule. Boneti itatsegulidwa, zimenezi zimaoneka ndi maso. Woyang'ana asayandikize manja kapena malaya ku malamba.

Mbale ikapanda kugwira, ayambe ndi zotsika mtengo: fyuzi, rile, ndi waya wopita ku kompuresa. Galimoto yonyamula chimanga ndi mtedza imaitana makoswe, ndipo makoswe amatafuna mawaya a pansi pa boneti ndi a kuseri kwa dashibodi. Pa magalimoto ambiri AC siiyaka ngati fani ya m'kati yazimitsidwa, choncho swichi ya fani yowonongeka imatha kuoneka ngati vuto la kompuresa.

Pali chizindikiro china chimene chimasocheretsa anthu. AC imagwira bwino m'mawa, koma injini ikatentha klatchi imasiya ndipo siigwiranso mpaka itazizira. Kawirikawiri mpata wa pakati pa mbale ndi pule wakula chifukwa cha kuperepeseka. Mpatawu umayenera kukhala pafupifupi theka la milimita. Ukakula, maginito otentha amalephera kukoka mbale. Makaniko amamasula mbale n'kuchotsa kawashala kamodzi kopyapyala kuseri kwake, ntchito n'kutha, gasi osakhudzidwa. Eni magalimoto ena amagulitsidwa kompuresa yathunthu pa vuto laling'ono chotere.

Klatchi imakananso kugwira gasi akachepa kwambiri. Pa paipi yopyapyala kapena pa dilaya pali swichi imene imadula magetsi kupanikizika kukatsika kufika pafupifupi 2 bar. Amakaniko ena amalumikiza mawaya a swichiyi kuti kompuresa iyende mokakamiza. Kuchita zimenezi kwa masekondi ochepa poyesa n'kololeka. Kusiya mawayawo olumikizidwa ndi kupha kompuresa, chifukwa oyilo wake amayenda limodzi ndi gasi, ndipo popanda gasi zitsulo za m'kati zimakhulana zouma.

Lamba wolira AC ikangoyatsidwa ndi womasuka kapena wosalala ndi ukalamba. Akasindikizidwa ndi chala chachikulu pakati pa mapule awiri, asapindike kupitirira pafupifupi sentimita imodzi.

Mphepo yochepa, madzi pansi, fungo loipa

Magalimoto ambiri akale alibe sefa ya mphepo ya m'kati. Fumbi lonse limakamatira pa evaporeta, imene nthawi zonse imakhala yonyowa, ndipo pakapita zaka pamaumbika dothi lenileni. Fani imalira kwambiri koma mphepo yotuluka ndi yochepa. Mankhwala ake ndi kutsuka evaporeta, ntchito yotopetsa koma yosafuna zipangizo zatsopano. Makoswe amathanso kumanga chisa m'bokosi la fani. Fani ikamayenda pa liwiro lomaliza lokha, ena onse atafa, chawonongeka ndi kachipangizo kochepetsa magetsi kamene kali pafupi ndi faniyo, ndipo kamagulidwa pakokha.

Madzi odontha pansi pa galimoto AC ikamagwira ntchito si vuto, ndi chinyezi cha mumpweya chimene chasanduka madzi pa evaporeta. Vuto ndi madzi akamagwera kumapazi a wokwera kutsogolo. Apo kapaipi ka rabala kotayira madzi katsekeka ndi matope kapena chisa cha mavu. Madzi okhalitsawo amabala nkhungu ndi fungo, ndipo amadyetsa pansi pa galimoto dzimbiri.

Nthawi zina AC ili bwinobwino koma chotenthetsera cha m'kati chikulowetsa mphepo yotentha chifukwa waya wa kabatani ka kutentha wamasuka. Mwini galimoto akhudze paipi yonenepa yochokera kudashibodi kupita ku kompuresa. Ngati ndi yozizira ndipo ikuchita thukuta koma m'kati mukutentha, vuto lili m'bokosi losakaniza mphepo, osati m'gasi.

Gasi akamathawa

Zonse za pamwambazi zikakhala bwino, ndiye nthawi yoganiza za gasi. Pothawira gasi pamathawiranso oyilo, ndipo oyilo amagwira fumbi. Malo akuda, onona, pa mfundo za mapaipi, pa kondensa kapena kuzungulira klatchi ndi amene ayenera kuyang'anidwa. Thovu la sopo wopaka pamenepo limafufuma ngati m'mapaipi mukadali gasi. M'misewu ya mabampu mapaipi a aluminiyamu amakhulana ndi zitsulo zina mpaka kubooka, ndipo miyala yothamangitsidwa ndi galimoto ya kutsogolo imaboola kondensa. Timphete ta rabala ta m'mfundo timauma ndi zaka.

Makaniko wodziwa ntchito amayesa kuthawa kwa gasi ndi nayitrojeni. Okosijeni wa m'botolo la owotcherera asayesedwe n'komwe: okosijeni wopanikizika akakumana ndi oyilo amaphulika. Mpweya wa pampu yopopera matayala nawo ndi wosayenera chifukwa umalowetsa chinyezi. Powotcherera paipi, gasi ayambe wachotsedwamo, pakuti akadutsa pa lawi la moto amatulutsa utsi wa poizoni. Ndipo gasi wamadzimadzi akathovokera m'maso amaumitsa diso ndi kuzizira, munthu n'kuchita khungu. Magalasi oteteza maso ndi ofunika pa ntchito iliyonse yomasula mapaipi.

Pothawira pakatsekedwa, pali zinthu ziwiri zimene amakaniko othamanga amadumpha. Choyamba ndi kusintha dilaya. Mapaipi akakhala otsegula kwa nthawi, kapena gasi akathawiratu, dilaya imakhuta chinyezi ndipo siingayamwenso china. Chachiwiri ndi kukoka mpweya wonse ndi pampu ya vakyumu kwa mphindi 30 kapena kuposerapo, kenako kudikira kuti aone ngati muvi wa geji ukubwerera. Chinyezi chotsalira chimaundana pa kabowo ka valavu. Zikatero AC imazizira mphindi zingapo, n'kusiya, n'kuyambanso ayezi akasungunuka. Evaporeta nayo imatha kukutidwa ndi ayezi ngati kachipangizo koyeza kuzizira kafa, koma pamenepo chimachepa ndi mphepo yotuluka, ndipo AC ikazimitsidwa pansi pa galimoto pamagwa madzi ambiri.

Gasi amayezedwa pasikelo. Kulemera koyenera kumalembedwa pa kapepala komatidwa pansi pa boneti, ndipo pa magalimoto ang'onoang'ono ndi mapikapu kumakhala pakati pa magalamu 500 ndi kilogalamu imodzi. Minibasi yokhala ndi evaporeta yachiwiri kumbuyo imafuna wochulukirapo. Gasi wochuluka mopitirira amachepetsa kuzizira ndipo amalemetsa kompuresa.

Gasi wake ndi uti

Apa ndi pamene galimoto yakale imasiyana ndi zatsopano. Magalimoto opangidwa chisanafike chaka cha 1992, ndi ena mpaka cha m'ma 1995, anatuluka m'fakitale ndi gasi wa R-12, amene ambiri amamudziwa ndi dzina lakuti Freon. Gasiyu anapezeka kuti amawononga ozoni, mpweya wa kumwamba umene umatchinga cheza choopsa cha dzuwa. Pangano la ku Montreal la mu 1987, limene Mozambique ndi Malawi ali nawo, linalamula kuti asiyidwe, ndipo maiko osauka anapatsidwa mpaka chaka cha 2010. M'malo mwake munalowa R-134a. Uyu sawononga ozoni koma amawonjezera kutentha kwa dziko, n'chifukwa chake mu 2016 ku Kigali maiko anagwirizana zomuchepetsa nayenso. Magalimoto ambiri atsopano a ku Ulaya ali ndi R-1234yf.

Mwini galimoto angadziwe gasi wake poyang'ana kapepala ka pansi pa boneti, kapena milomo iwiri yothirira. Ya R-12 ili ndi mazinga kunja ngati valavu ya tayala. Ya R-134a ndi yonenepa, yongokanikiza, ndipo nthawi zambiri zotsekera zake zimalembedwa L ndi H.

Kusintha galimoto ya R-12 kuti iyendere R-134a n'kotheka, koma si kungomanga milomo yatsopano n'kuthira. R-12 amayenda ndi oyilo wa minerali, ndipo R-134a sanyamula oyilo ameneyu. Akangothiridwa, oyilo amakhala pansi pa evaporeta ndi kondensa, kompuresa n'kuuma. Oyilo wakale ayenera kukhuthulidwa, mapaipi n'kutsukidwa, n'kuthira oyilo wa PAG kapena wa esita, amene amalembedwa POE. Wa esita ndi amene amalolerana bwino ndi zotsalira za oyilo wakale. Dilaya isinthidwe, timphete ta rabala tisinthidwe ndi toyenera R-134a, tambiri timakhala tobiriwira. Gasi wothira akhale pafupifupi 80 mpaka 90 pa 100 alionse a kulemera kolembedwa kwa R-12. Ngakhale zonse zitachitika bwino, galimoto yosinthidwa imatha kuziziritsa mocheperako ikaima, chifukwa kondensa yake inapangidwira gasi wina. Kagalasi kapamwamba pa dilaya, kamene pa R-12 kankasonyeza thovu gasi akachepa, pa galimoto yosinthidwa sikadalirika. Wothira mpaka thovu litatha amatha kupitiriza muyeso.

M'madera akutali ndi masitolo, chiyeso chimakhala kuthira gasi aliyense amene wapezeka. R-22 wa ma AC a m'nyumba ali ndi mphamvu yopanikiza yochuluka kwambiri ndipo amaphulitsa mapaipi a galimoto. R-600a wa m'mafiriji atsopano ndi gasi wophikira amazizira ndithu, koma amayaka. Evaporeta ili m'kati mwa galimoto pafupi ndi mawaya, ndipo kondensa ndi yoyamba kuphwanyika pangozi. Mu minibasi yodzaza anthu, ndudu imodzi ndi yokwanira.

Palinso gasi wachinyengo. Mu 2011, makontena oziziritsa katundu anaphulika m'madoko a ku Vietnam ndi ku Brazil, anthu atatu n'kufa. Zinapezeka kuti m'mabotolo olembedwa R-134a munasakanizidwa R-40, amene amadya aluminiyamu n'kupanga mankhwala oyaka okha akakumana ndi mpweya. Ziwalo zambiri za AC ya galimoto ndi za aluminiyamu. Botolo lotsika mtengo modabwitsa, lopanda dzina la wopanga, kapena lothiridwanso pamsika, ndi loyenera kulisiya.

Zimene mageji amanena

Mwini galimoto safunika kugula mageji, koma akadziwa tanthauzo lake sanamizidwa. Geji yabuluu imamangidwa ku paipi yonenepa, yofiira ku yopyapyala. Injini itazima ndipo itazizira, mivi yonse iwiri imafanana, ndipo kunja kukakhala madigiri 30 R-134a amasonyeza pafupifupi 97 psi. Nambala imeneyi siinena kuchuluka kwa gasi, imangonena kuti alimo. Injini ikulira ndipo AC itayatsidwa, yabuluu imatsika kufika pakati pa 25 ndi 45 psi, yofiira imakwera kufika pakati pa 150 ndi 250 psi, malinga ndi kutentha kwa tsikulo.

Mivi yonse ikakhala pansi, gasi wachepa. Yonse ikakhala pamwamba, gasi wachuluka kapena kondensa siikuzizira. Yabuluu ikakwera, yofiira n'kutsika, mivi n'kuyandikana, kompuresa yatopa. Yabuluu ikagwa kufika pa ziro kapena kunsi kwake, njira yatsekeka pa valavu kapena pa dilaya. Dilaya yotsekeka imadziwikanso ndi dzanja: paipi yolowa imakhala yofunda, yotuluka yozizira, pomwe zonse zimayenera kufanana. AC yabwino imatulutsa mphepo ya madigiri 5 mpaka 10 mawindo atatsekedwa.

Kompuresa ikagwira panjira

Kompuresa ikagwira, lamba amalira ndi kufuka utsi batani la AC likadinidwa. AC izimitsidwe nthawi yomweyo, ndipo kawaya ka klatchi kazulidwe kuti wina asayatsenso. Ngati phokoso likupitirira AC itazima, yafa ndi beringi ya pule. Pa injini zakale za dizilo za Toyota kompuresa imakhala ndi lamba wakewake, choncho lambayo angachotsedwe, ulendo n'kupitirira popanda AC. Pa magalimoto a lamba mmodzi woyendetsa zonse sizitheka chotero: lamba akaduka, alitaneta imaima, ndipo pa injini zambiri pampu ya madzi imaima nayo. Beringi ikayamba kulira pa galimoto yotere, isinthidwe galimoto isanalowe m'misewu ya kutali ndi galaja.

Kompuresa yogwira imamwaza tizitsulo m'mapaipi onse. Yatsopano ikamangidwa osatsuka mapaipi, osasintha dilaya ndi valavu, imafa msanga ndi zinyalala za inzake. Pogula, dzina ndi nambala zolembedwa pa kompuresa yakale ndi zofunika kuposa dzina la galimoto. Toyota zambiri za m'zaka za m'ma 1990 zili ndi za Denso monga 10PA15C ndi 10PA17C, ndipo magalimoto amene AC inachita kuikidwa pambuyo pake kawirikawiri ali ndi Sanden 508. M'masitolo a mbali ya Mozambique lamba ndi correia, kondensa ndi condensador, dilaya ndi filtro secador, valavu ndi válvula de expansão.

Miyezi ya Juni ndi Julayi kukamazizira, AC iyatsidwebe mphindi 10 sabata iliyonse kuti oyilo anyowetse rabala wa pa shafuti ya kompuresa, pakuti akauma gasi amayamba kuthawira pamenepo. Ndipo oyendetsa amene amagona m'galimoto podikira katundu asasiye injini ikulira usiku mawindo atatseka. Ekizozi ya galimoto yakale imakhala ndi ming'alu, pansi pake pali mabowo a dzimbiri, ndipo utsi wolowera mmenemo umapha munthu ali m'tulo.